Nkhanza za M'banja: Zizindikiro Zake ndi Udindo Wathu

Awa ndi mawu omwe mmodzi wa mamembala athu, yemwe amagwira ntchito m'boma, adalankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza kuti nawonso amene sadabwere awerenge.



Poyamba ndithokoze komiti chifukwa chondipatsa mpata woti ndilankhule. Ndikamwaza maso m'holo muno ndikuona imvi ndi madazi pa mitu yomwe ndidaidziwa iri ndi tsitsi lakuda bii, ndipo ena amene tinkalimbirana nawo nyemba ku dainingi lero adokotala adawaletsa mchere ndi shuga. Tithokoze Chauta potisunga. Pa misonkhano yathu tidazolowera kukamba za malata a laibulale, za fizi ya ana ovutika ndi za chipepeso mnzathu akatisiya. Lero komiti yandipempha kuti ndikambe nkhani yomwe ambiri sitikonda kuitchula pagulu, nkhani ya nkhanza za pakati pa mwamuna ndi mkazi, kaya ali pabanja kaya ali pachibwenzi. Ndikamba zinthu zitatu: momwe tingazindikirire nkhanzazi zikamayamba, momwe tingadziwire kuti moyo wa munthu uli pangozi, ndi zomwe tingachite pomuteteza.

Ndiyambe ndi kukula kwa vutoli. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi atatu aliwonse padziko lapansi adachitidwapo nkhanza zomenyedwa kapena zokakamizidwa kugonana, ndipo ambiri mwa iwo wowachita nkhanzayo adali mwamuna wawo kapena chibwenzi chawo. Kuno kwathu, kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu yemwe ofesi ya National Statistical Office idachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 42 mwa amayi 100 aliwonse omwe adakwatiwapo adachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya zomenyedwa, zogonana kapena zozunza mtima. Kafukufuku yemweyo adaonetsa kuti pafupifupi theka la amayi ochitidwa nkhanza sadauzepo munthu wina aliyense.

Tsono tisaganize kuti ziwerengerozi zikunena anthu a kumudzi okha kapena osaphunzira okha. Nkhanza sizifunsa satifiketi. Kunena zoona, ife opita kusukulu ndiye timadziwa kubisa. Tiri ndi nyumba za mpanda wa njerwa momwe kulira kwa munthu sikumveka kwa oyandikana nawo. Tiri ndi galimoto yopitira kuchipatala cholipira usiku, kumene tikanena kuti mayi aterereka m'bafa. Tiri ndi mayina oti tiwateteze kumpingo ndi kuntchito. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Motero ndikamalankhula, musaganize za anthu akutali. Ganizani za mlongo wanu, mwana wanu, mnzanu wa muofesi, ndi mnzathu uja adaleka kubwera ku misonkhano ino popanda kutiuza chifukwa.

Kodi nkhanza n'chiyani? Ambiri timaganiza kuti nkhanza ndi chibakera basi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lomwe Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 2006 limaona patali kuposa pamenepa. Limatchula kumenya ndi kuvulaza thupi, nkhanza zokhudza kugonana, kuzunza munthu m'maganizo, komanso nkhanza za pachuma. Ndipo silinena za mwamuna ndi mkazi okwatirana okha ai, limafikanso kwa anthu amene ali ndi mwana pamodzi ngakhale sadamange ukwati. Mabanja onse amakangana, ndipo kusiyana maganizo si nkhanza. Nkhanza zimadziwika ndi mantha. Ngati mmodzi akukhala moopa mnzake, akumayeza mawu asanalankhule, mtima ukumagunda akamva geti ikutsekulidwa, m'nyumbamo muli nkhanza ngakhale thupi lake liribe chipsera.

Amayi ndi abambo, nkhanza siziyamba ndi mbama. Zimayamba ndi zinthu zomwe poyamba zimaoneka ngati chikondi, ndipo ndi chifukwa chake atsikana athu sazizindikira msanga.

Chizindikiro choyamba ndi nsanje yopyola muyeso. Mnyamata aimba foni kakhumi pa tsiku kufunsa kuti uli kuti, uli ndi yani, watani. Afuna adziwe nambala yotsekulira foni, awerenge mauthenga onse a pa WhatsApp, ndipo mtsikana akachedwa kuyankha, mlandu. Anzake amamuuza kuti uli ndi mwayi, amakukonda kwambiri. Koma munthu amene amakulondalonda ngati mkaidi akufuna kukulamulira, ndipo ukwati ukachitika ulamulirowo umangokula.

Chachiwiri ndi kumulekanitsa munthu ndi abale ndi anzake. Lero akuti mnzako uja ndi hule, mawa akuti amayi ako amandida, mkucha akuti kukwaya usamapitenso. Pakatha zaka ziwiri mayi uja alibenso wina womuuza zakukhosi. Wankhanza amadziwa bwino kuti munthu amene ali yekha savuta kumupondereza.

Chachitatu ndi ndalama. Pali amayi ambiri a pantchito, aphunzitsi, anamwino, makalaliki, amene khadi yawo ya kubanki imakhala m'thumba mwa bambo, ndipo ndalama ya minibasi amachita kupempha tsiku ndi tsiku. Ena amaletsedwa ntchito kapena geni, ena amakakamizidwa kutenga ngongole m'dzina lawo ndalama n'kudya wina. Kugwirizana pa kayendetsedwe ka chuma cha m'banja n'kwabwino. Kulanda mnzako malipiro ake kuti asathe kusuntha popanda iwe ndi nkhanza.

Chachinayi ndi mawu onyoza. Ndiwe chitsiru, ndani angakukwatire, popanda ine ukadakhala kuti. Mawu otere akamanenedwa m'mawa ndi madzulo, nthawi zina pamaso pa ana ndi alendo, munthu amayamba kuwakhulupirira. Wankhanza amakananso zomwe wachita, n'kumuuza mnzake kuti mutu wako sukuyenda bwino, kufikira mnzakeyo ayambe kudzikayikira yekha.

Chachisanu ndi kuopseza. Kuswa mbale, kumenya khoma, kukankha galu wa pakhomo, kuyendetsa galimoto mothamanga dala pamene mwakangana, kunena kuti ana ndikulanda. Zonsezi uthenga wake ndi umodzi: taona zomwe ndingakuchite. Pamodzi ndi izi pali kukakamiza mnzako kugona naye pamene sakufuna, kukana kondomu pamene ukudziwa kuti ukuyendayenda, ndi kumuletsa njira zakulera kapena mankhwala a kuchipatala.

Chinanso chomwe chimasokoneza anthu ndi chakuti wankhanza sakhala wankhanza tsiku lirilonse. Katswiri wina wa ku America, Lenore Walker, adafotokoza mu 1979 kuti m'mabanja ambiri nkhanza zimayenda mozungulira. Pamakhala nyengo yomwe mkwiyo ukuunjikana ndipo aliyense m'nyumba akuyenda chonyang'ama. Kenaka bomba liphulika. Likaphulika pamabwera kupepesa, misozi, chitenje chatsopano, ndi lonjezo loti sizidzachitikanso. Mayi akhululuka, abale apuma, ndipo pakapita nthawi zonse ziyambiranso. Si mabanja onse amene amatsata ndondomeko imeneyi, koma amene mudakhalapo ankhoswe mukuizindikira. Choti tigwire n'chakuti kupepesa kopanda kusintha khalidwe ndi mbali imodzi ya nkhanza zomwezo.

Nanga ife amene tiri kunja tingaone chiyani? Munthu wochitidwa nkhanza kawirikawiri sanena, koma khalidwe lake limanena. Mnzanu amene adali wansangala wayamba kukhala duu. Akujomba kuntchito makamaka Lolemba ndi masiku otsatira malipiro. Akuvala malaya a manja aatali kapena mpango wa m'khosi mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ali ndi mabala omwe nkhani yake sikugwirizana ndi maonekedwe ake, lero chitseko, mawa masitepe. Foni ikalira amanjenjemera n'kuthamangira panja. Mwamuna wake akakhalapo salankhula, kapena amayamba wamuyang'ana asanayankhe funso. Ana nawo amaonetsa: kukodza pogona, kulephera m'kalasi mwadzidzidzi, ndewu kusukulu, kapena kukana kubwerera kunyumba.

Ife tonse pano luso limeneli tiri nalo kale. Amene tidagona ku hositelo tikukumbuka kuti mwana wa fomu 1 amene ankazunzidwa ndi akuluakulu tinkamudziwa ngakhale sadanene. Ankadya mofulumira, ankayenda m'mbali mwa khoma, ndipo aphunzitsi akamufunsa ankati zonse ziri bwino. Ankadziwa kuti akaulula, usiku zikhala zoopsa kuposa dzulo. Mantha omwewo ndi amene amatseka pakamwa mayi wa zaka 40 amene ali ndi digiri.

Tsopano ndifike pa mfundo yomwe ndikupempha kuti muigwiritse, ngakhale zina zonse muiwale. Pali zizindikiro zina zosonyeza kuti nkhani yafika pa moyo ndi imfa. Akatswiri amene adafufuza za amayi ophedwa ndi amuna awo, monga Jacquelyn Campbell wa ku Johns Hopkins University, adapeza kuti imfa zotere sizibwera mwadzidzidzi. Choyamba ndi kukanyanga pakhosi. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa ku America mu 2008 adapeza kuti mayi amene mwamuna wake adamukanyangapo pakhosi, mpata woti adzaphedwe ndi mwamunayo umachuluka kuposa ka 7 poyerekeza ndi amene sadakanyangidwepo. Ndipo kukanyanga nthawi zambiri sikusiya bala looneka, mwina mawu okha ndiwo amasasa. Zina ndi izi: kuopseza ndi mpeni, chikwanje kapena mfuti, kunena poyera kuti ndidzakupha, kapena kuti ukandisiya ndidzipha, kumenya mayi woyembekezera, kumutsatira kulikonse kumene wapita, ndi nkhanza zomwe zikuchulukira komanso kukulira mwezi ndi mwezi. Mayi mwini akanena kuti bamboyu adzandipha, mukhulupirireni. Amamudziwa kuposa inu.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mayi wanena kuti akuchoka, kapena wangochoka kumene, chifukwa apo wankhanza amaona kuti ulamuliro ukumupulumuka. Ichi ndi chifukwa chake funso lomwe timakonda kufunsa, loti nanga bwanji osangochoka, liri lopanda chilungamo. Achoke apite kuti, ndi ndalama ziti? Ana asiye ndi yani? Kwawo akafika amuuza kuti banja ndi kupirira, bwerera. Kumene kuli malowolo, makolo akuopa kubweza ng'ombe. Kumpingo akuopa kudulidwa. Ena akadamukondabe mwamunayo, chomwe akufuna n'chakuti nkhanza zithe. Ambiri amachoka n'kubwerera kangapo asanachokeretu, ndipo ife tikatopa naye pa ulendo wachiwiri, tamusiya m'manja mwa womuzunza.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, lankhulani naye pa awiri, pamalo pomwe mwamuna wake kapena ana sakumva. Musayambe ndi kunyoza mwamunayo, chifukwa adzamuikira kumbuyo. Nenani zomwe mwaona: achemwali, ndaona kuti masiku ano simukusangalala, ndipo dzanja lanulo landidetsa nkhawa, kodi kunyumba kuli mtendere? Akakana, musamukakamize. Muuzeni kuti khomo lanu ndi lotsekula usana ndi usiku. Akaulula, mvetserani, mukhulupirireni, ndipo musamufunse kuti nanga iwe udalakwa chiyani. Palibe ndiwo zopserera kapena kuchedwa kumsika komwe chilango chake ndi kumenyedwa. Sungani chinsinsi. Musathamangire kukakalipira mwamunayo iye asanavomere, chifukwa inu mukabwerera kwanu, wotsala naye m'nyumba usiku ndi iyeyo. Samalaninso ndi mauthenga a pafoni, poti mwina foniyo imawerengedwa.

Chachiwiri, muthandizeni kukonzekera. Nkhanga zidapangana kusanapse. Adziwiretu kumene angathawire usiku ndi njira yomwe angadzere. Asungitse kwa munthu wodalirika kachikwama momwe muli chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ake ndi a ana, masatifiketi a sukulu, mankhwala omwe amamwa, zovala pang'ono ndi ndalama ya ulendo. Apangane ndi woyandikana naye chizindikiro, kaya mawu ena ake pafoni kaya kugogoda khoma, choti akachimva aitane anthu. Mkangano ukabuka apewe kukhitchini kumene kuli mipeni, ayandikire khomo lotulukira. Ana aphunzitsidwe kuthamangira kwa anansi, asalowe pakati pa ndewu. Ndipo ngati waganiza zochoka, asalengeze tsiku.

Pa ofesi ina yomwe ndidagwirapo ntchito padali mayi wina amene mwamuna wake ankabwera pa geti tsiku lirilonse la malipiro. Amayi anzake a muofesimo adachita zinthu zing'onozing'ono. Mmodzi adamusungira mapepala ake m'kabati, wina adamuperekeza kubanki kukatsekula akaunti ina, ndipo akulu a pa ofesipo adauza alonda kuti bamboyo asamalowe. Padapita pafupifupi chaka mayiyo asanalimbe mtima. Tsiku lomwe adaganiza zochoka, zonse zidali m'malo, ndipo lero iye ndi ana ake ali moyo. Palibe mwa anthu amenewa amene adali loya kapena wapolisi.

Chachitatu, dziwani kumene kuli thandizo. Wovulala apite kuchipatala msanga, ndipo asunge lipoti la dokotala, chifukwa ndi umboni kukhoti. Amene wagwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV ndi oteteza mimba, ndipo ngati n'kotheka apite asanasambe. M'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene dokotala, wapolisi ndi wa zachisamaliro cha anthu amapezeka pamodzi. Kupolisi funsani nthambi ya Victim Support Unit. Pa ofesi ya DC pali a zachisamaliro cha anthu, ndipo amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Bungwe la YONECO liri ndi manambala aulere, 5600 ya nkhanza zotere ndi 116 ya ana.

Lamulo la 2006 lija limapatsa khoti mphamvu zomwe ambiri sitizidziwa. Khoti likhoza kupereka chiletso choti wankhanza asiye nkhanzazo ndipo asayandikire wodandaula, chomwe pa Chingerezi amati protection order. Likhozanso kulamula kuti wochitidwa nkhanza ndiye akhale m'nyumba, wankhanzayo atuluke, kaya nyumbayo ndi yawo kaya ndi ya lendi. Wophwanya chiletso chotere wapalamula mlandu. Zonsezi gwero lake ndi malamulo aakulu a dziko lino a 1994, omwe mu gawo 24 amati amayi atetezedwe ku nkhanza ndi ku miyambo yowapondereza.

Ndilankhuleko kwa ankhoswe, poti pa msinkhu wathu uno ambiri tiri ndi mabanja omwe tikuwayang'anira. Unkhoswe ndi mwambo wabwino ndipo wamanga mabanja osawerengeka. Koma nkhoswe ntchito yake ndi kuyanjanitsa anthu amene asiyana maganizo. Munthu akathyoledwa mkono, umenewo ndi mlandu wa kupolisi. Tikamukhazika mayi pamphasa pamodzi ndi amene wamumenya n'kumufunsa kuti fotokoza, sanganene zoona, chifukwa akudziwa zomwe zimudikira kunyumba. Mumveni payekha poyamba. Ndipo mawu aja akuti kumenya ndi mankhwala a banja tiwachotse m'malangizo athu a pa chinkhoswe ndi pa ukwati. Anthu ambiri amene tidawauza kuti pirira tidakawaperekeza kumanda.

Kwa abambo anzathu ndinena mosapsatira. Pa ziwerengero zomwe ndatchula zija, n'zosatheka kuti m'holo modzaza chonchi musakhale wina amene mkazi wake amamuopa. Ngati ndinu, musanamizire mowa, ntchito kapena kusowa kwa ndalama. Bwana wanu akakukwiyitsani kuofesi simum'menya, kusonyeza kuti kudzigwira mumakutha. Pezani mlangizi, mbusa kapena shehe amene angakuuzeni zoona, ndipo chitani zimenezi lero. Ana anu akuona, ndipo mnyamata amene wakula akuona amayi ake akumenyedwa amakhala pa chiopsezo chodzachita zomwezo. Enanu amene simuchita nkhanza, musaseke nawo mnzanu akamadzitama kumowa kuti dzulo ndamuphunzitsa mwambo. Ndinenenso kuti alipo abambo amene amamenyedwa, kutukwanidwa ndi kulandidwa chuma ndi akazi awo, ndipo amakhala chete poopa kusekedwa. Lamulo limawateteza chimodzimodzi, ndipo akabwera kwa ife tisawaseke.

Pomaliza, Bambo Wapampando, ndiri ndi mapempho atatu kwa bungwe lathu. Loyamba, komiti isankhe anthu awiri osunga chinsinsi, mayi ndi bambo, amene membala aliyense angawafikire mwakachetechete. Lachiwiri, thumba lathu la chisamaliro, lomwe timagulira bokosi ndi nkhata mnzathu akamwalira, lizithandizanso wamoyo amene akufuna ndalama ya ulendo kapena lendi ya mwezi umodzi kuti athawe ngozi. Lachitatu, pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza, omwe amayamba pa 25 Novembala n'kutha pa 10 Disembala, tipemphe akuluakulu a sukulu yathu kuti ena mwa ife, makamaka madokotala, anamwino, apolisi ndi maloya amene ali pakati pathu, akacheze ndi ana a fomu 3 ndi fomu 4 za zizindikiro ndatchulazi, zibwenzi zisanawazike mizu.

Aliyense wa ife akatuluka muno aganize za munthu mmodzi amene wakhala akumudera nkhawa, ndipo sabata ino amuyendere. Pakadafunda padajiwitsa galu.

 Mulungu adalitse mabanja athu ndi sukulu yathu.